Mayina Athu mu Laputopu ya Achimwene

Mwaswera bwanji nonse.

Laputopu ya achimwene a Yohane inafa, ndiye lero ndawaperekeza kwa wokonza makompyuta pa Mitundu. Wafufuta zonse n'kuyambiranso. Achimwene thukuta kamukamu: "Manambala a ondigula soya anali momwemo!"

Mwamwayi atatsegula imelo yawo yakale, manambala onse abwerera. Koma mayina ake! Amalume a ku Nathenje, inu anakulembani "Osayankha". Alamu, akazi awo enieni, ndinu "Apolisi".

Ine ndaseka mpaka misozi, kenako ndaona nambala yanga: "Wayilesi".

Nditawafunsa, akuti, "Iwe Esinati, ndi kompyutayi yasokoneza."

Abale, ine wayilesi? Ndinaulutsapo nkhani ya ndani ine? Tandiyankhani msanga, ndikufuna ndikafunsenso amayi a kumpingo.