Achemwali Anga ndi Maponi a Alamu

Achemwali anga asita zovala za anthu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Amagwira ntchito m'chipinda chapansi, kuseri kwa sitolo yochapa zovala, momwe mawindo ali m'mwamba kwambiri moti umangoona mapazi a anthu odutsa mumsewu. Muli matebulo anayi ndi paipi ya nthunzi imene imalira tsiku lonse. Manja awo ndi zipsera zokhazokha, ting'onoting'ono, kuyambira kuzala mpaka m'zigongono. Anzawo amawatcha a Kolala, chifukwa kolala imene asita iwo siipindika ngakhale mwini shatiyo agone nayo.

Amuna awo, alamu anga, anali owotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Anali munthu wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse, ndipo matenda awo amene tinkawadziwa nthawi imeneyo anali amodzi okha, tchesi. Pa nthawi yopuma masana ankakhala pa chitini cha penti n'kumasewera ndi mnzawo wokonza mapaipi a madzi, amene tonse tinkangoti a Mapaipi. Bolodi anapanga okha ndi lata, tizidutswa tosewerera anatiwotcherera ndi mabawuti ndi manati. Achemwali ankakonda kunena kuti, "Ine ndine mkazi wachiwiri. Wamkulu ndi lata uja." Mwana analibe. Anayesetsa, zinakanika, nkhaniyo n'kungokhala m'nyumbamo ngati mpando wothyoka umene palibe amaukhalira komanso palibe amautaya.

Matenda enieni anali shuga, ndipo tinawadziwa mochedwa. Maso atayamba kuchita chifunga, alamu ankati ndi kuwala kwa moto wa kuntchito. Lamanzere linatsogola kuzima, lamanja linatsatira patatha miyezi isanu ndi itatu. Ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri anakhala pansi.

Masewera athunthu anawakanika kuwasunga m'mutu. Ndiye a Mapaipi, atapeza ntchito kutauni ina yakutali, pobwera kudzatsanzika anabweretsa buku lopanda chikuto limene anagula pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Munali mafunso mazana atatu, onse amtundu umodzi. Masewera ali kumapeto, zida zikuluzikulu zonse zadyedwa, kwangotsala mafumu awiri ndi maponi, tiasilikali ting'onoting'ono timene timangoyenda chamtsogolo, osabwerera. Poni ikafika kumapeto kwa bolodi imasanduka mfumukazi, ndipo pamenepo nkhondo yatha. Funso lililonse linali lakuti: oyera ndiwo ayambe, asunthe chiyani kuti apambane? Mayankho anali kumbuyo kwa bukulo.

Achemwali ankaweruka ntchito 3 koloko, pofika 4 ali kunyumba. Ankaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, lata ali pamiyendo, n'kuika mabawuti monga mmene chithunzi cha m'buku chikuonetsera kuti asaphonye powerenga.

"Mfumu yoyera pa c5. Poni yoyera pa b5. Mfumu yakuda ili pa c8."

Alamu ankakhala pampando wawo pafupi ndi chitseko, nkhope italoza kumene kukuchokera mphepo, milomo ikugwedera powerenga mabokosi. Funso lina linkawatengera mphindi khumi, lina masiku awiri. Akanena yankho, achemwali ankatsegula kumbuyo.

"Mwakhoza, bambo."

Alamu n'kudzimenya pabondo, chala chitaloza pamutu. "Magetsi anathima, koma fakitale ikugwirabe ntchito!"

Ine ndinkakhala misewu iwiri kuchokera pamenepo ndipo Lamlungu lililonse ndinkapitako. Ndinaona achemwali akuphunzira chinthu chimene sanachifune. Munthu amene poyamba ankati mabawuti onse ndi ofanana anayamba kundifotokozera, tikutsuka mbale, kuti mafumu awiri akayang'anizana patatsala bokosi limodzi pakati, amene yamufika nthawi yosuntha ndiye walira, chifukwa ayenera kupatuka n'kupereka njira. Ankati mashati a mabokosimabokosi ayamba kuwasokoneza kuntchito. Akamasita kumsana kwa shati yotere ankangopezeka akuyendetsa mfumu ndi nsonga ya ayironi.

Chaka chachinayi, mmawa wina, kapu inawapulumuka alamu m'manja ndipo pakamwa panapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono. Patatha sabata ziwiri mawu anabwerera, dzanja linabwerera, tonse tinathokoza. Koma atayambiranso mafunso aja, kuwerenga kunkawathawa panjira. Ankaiwala kuti poni yakuda ili pati, kapena kuti wasuntha komaliza ndani.

Tsiku loyamba achemwali anangoti, "Ayi bambo, buku likuti mfumu ipite pa d6." Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu alamu anadzuka pampando, n'kupapasa khoma mpaka kuchipinda, n'kukagona atayang'ana kukhoma. Masiku awiri sanadye. Jakisoni wa shuga anamukana, mkono ataubisa pansi pa bulangete.

"Maso anapita, ntchito inapita," anatero. "Ndiye ichinso chipite? Ukundibayira chiyani jakisoni? Ukusunga ndani?"

Madzulo a tsiku lachitatu achemwali anakhala m'mphepete mwa bedi ndi lata uja, n'kuwerenga funso popanda wowapempha. Alamu ananena yankho chapansipansi. Linali lolakwika.

"Mwakhoza, bambo," anatero achemwali.

Tsiku limenelo alamu anadya, napereka mkono.

Bodza limenelo linakhala chaka ndi miyezi iwiri. Achemwali anabwerera kumafunso oyambirira, osavuta, koma ankawauza kuti ndi a kumapeto kwa buku. Ngakhale amenewo, mwa asanu alamu ankakhoza limodzi. Ine ndinkadziwa. Tsiku lina ndinawakokera kukhitchini.

"Achemwali, akadzadziwa mudzatani?"

"Awauze ndani? Iwe?"

"Ine ayi."

"Ndiye pukuta mbalezo. Munthuyu akudya. Wanenepanso. Ukufuna ndimuuze zoona ndimuike m'manda?"

Ndinapukuta mbale.

A Mapaipi anabwera Lamlungu lina masana, osatumiza uthenga, atanenepa ndiponso imvi zitawamera. Alamu atamva mawu awo pakhomo anaimirira mpaka kugwetsa mpando. Anakumbatirana, anatukwanana mwachinzawo, anakumbutsana za bwana wina amene ankawathamangitsa pa chitini cha penti chija. Sindinawaonepo alamu akuseka chonchija chichokereni maso. Akulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Buku lako lija ndalimaliza kawiri," anatero alamu. "Iwe, tabweretsa lata. Umuonetse munthuyu kuti wakhungu ndani pakati pa ine ndi iye."

Achemwali anati tiyi wapsa, ayambe amwa kaye. Alamu anakana. Achemwali anabweretsa lata, natsegula buku patsogolo penipeni.

"Mfumu yoyera pa e1. Poni pa e2. Mfumu yakuda pa e8. Basi."

Funso limeneli ngakhale ine ndinali nditalidziwa chifukwa cholimva kawirikawiri. Mfumu ndiyo iyenera kutsogola, ikaime kutsogolo kwa poni yake n'kuitsegulira njira. Ukathamangitsa poni yokha, mfumu yakuda imadzaima patsogolo pake ndipo palibe wopambana.

Alamu anaganiza, milomo ikugwedera. "Poni ipite pa e4."

"Mwakho..." anayamba achemwali.

A Mapaipi anaphulika kuseka. "Aaa, achimwene, mukundiyesa eti? Limeneli ndi funso lachitatu, la ana a sukulu! Munandiphunzitsa ndinu nomwe kuti mfumu itsogole. Mukatero ine ndingobwera pa e7, kenaka e6, basi tagawana."

Achemwali ankawagwedezera mutu, ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, koma anazindikira mawu atatuluka kale. Panja wina ankakhoma msomali.

"Lachitatu?" anafunsa alamu. "Si la mazana awiri ndi makumi anayi?"

A Mapaipi, posowa poika maso, anatola buku lija n'kumalitembenuza. Pofuna kusintha nkhani anati, "Koma lakhalitsa bukuli. Masamba a mayankho aja simunawapeze, eti? Ndinagula atathothoka kale, amathera pa zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu."

Anatsanzika tiyi asanamwe. Ine ndinafuna kutuluka nawo, koma alamu anati, "Khalani, mlamu. Ndikufuna mboni." Kenaka anatembenukira kumene kunali achemwali. Zaka zonse za ukwati wawo ankawatchula kuti iwe, mwachikondi. Tsiku limenelo anasintha.

"Mayi, munayamba liti?"

"Tsiku lija munakana jakisoni."

"Chaka chonse ndakhala ndikudzimenya pabondo, inu mukundiyang'ana."

"Ndinkafuna mudye, bambo."

"Nanga mafunso a kumapeto aja, ndisanadwale sitiroko? Pamene munkati mwakhoza, pamene munkati buku likukana. Ngati masamba kunalibe, ankanena ndani?"

Achemwali anayang'ana manja awo. "Ndinkanena ndine. Ndinkawaganizira kuntchito. Koma amenewo sindinakunamizeni, bambo, ngakhale limodzi."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, sanaponye kanthu. Anangoti, "Chotsani latayo pamenepo, wina angadzicheke."

Kuyambira tsiku limenelo sanapemphenso funso. Chakudya ankadya, mkono ankapereka, koma chilichonse chotuluka pakamwa pa achemwali anasiya kuchikhulupirira. Akauzidwa kuti lero ndi Lachinayi ankadikira wailesi inene. Akauzidwa kuti adokotala ati shuga watsika, ankasunga kapepalako m'thumba mpaka ine ndidzawawerengere Lamlungu. Shati imene avala ankafunsa mayi wa nyumba yoyandikana kuti ndi yamtundu wanji. Achemwali ankangopirira. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwawenga zikhadabo, munthu ali duu ngati ali m'manja mwa mlendo.

Miyezi itatu itadutsa, mwana wanga wamkazi anachira kutali komwe anakwatiwa, ndipo ndinapita kukamuthandiza sabata zitatu. Nthawi yomweyo nsapato inawatupitsa alamu thuza pachala chachikulu cha kuphazi. Mapazi awo anali atasiya kale kumva ululu, choncho iwo sanamve kanthu. Achemwali ndiwo anaona thuzalo litaphulika, kenaka chala chikuda.

"Bambo, chala chada. Tiyeni kuchipatala lero."

"Sindikumva kuwawa."

"Simungamve. Koma chada, ndipo chayamba kununkha."

"Ndi ngalande ya panjayi. Mwatopa nane, mayi, mukufuna mukanditule kumeneko. Ngati mwatopa ingonenani."

Achemwali anawachonderera, anagwada, anaitana mayi woyandikana uja. Alamu anati awiriwo apangana. Achemwali anabwera ndi galimoto mpaka pakhomo, alamu anagwira felemu ya bedi, bedi lowotcherera okha, ndipo amuna awiri analephera kuwachotsapo. "Abwere mlamu wanga," ankatero. Achemwali anandiimbira foni. Ndinalankhula nawo alamu, koma anati mawu a pafoni alibe maso, ndanena zimene ndauzidwa. Mwana wanga anali atang'ambidwa pochira, sankatha kudzuka, ndipo ndinachedwa masiku ena asanu. Masiku amenewo ndimawawerengabe.

Nditafika, fungo linandilandira pakhomo. Ndinavundukula nsalu, ndinaona phazi.

"Alamu, achemwali akunena zoona. Bala lafika pa kakolo."

"Chabwino," anatero. "Ndipatseni jekete."

Madokotala anadula mwendo pansi pa bondo. Patatha sabata anadulanso pamwamba. Achemwali anapempha tchuthi kuntchito n'kumakhala pa benchi ya m'wodi kuyambira mmawa, kuwamwetsa madzi ndi supuni, kuwatembenuza kuti msana usachite zilonda. Tsiku lina masana ndili pomwepo anati, "Bambo, kunja kwayamba mvula." Alamu anadikira mpaka anamva nsapato za namwino zikudutsa.

"Anesi, pepani. Kunja kukugwa mvula?"

"Ikugwa, bambo."

"Zikomo."

Achemwali anapitiriza kupukuta supuni ndi kansalu. Alamu anamwalira patatha masiku anayi, cha m'ma 10 koloko mmawa, achemwali atapita kukatsuka kapu kumpope.

Achemwali anabwerera kuntchito mwezi usanathe. A Mapaipi anabwera kamodzi kudzapepesa, chipewa chili m'manja, akulira ngati mwana. Achemwali anawauza kuti sanalakwe, munthu saimbidwa mlandu chifukwa chonena zimene waona. Anawaperekeza mpaka pamsewu, koma sanawauze kuti adzabwerenso, ndipo sanabwerenso.

Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Atawotcha malaya awiri a makasitomala, abwana anawachotsa pa ayironi n'kuwaika popinda nsalu za pabedi, pakona pafupi ndi masitepe. Sanadandaule. Anasamuka m'nyumba ija, tsopano amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo timadyera limodzi.

Nkhani ya alamu saikamba. Kamodzi kokha, tikuyanika zovala, anaima ndi pegi m'kamwa, n'kuichotsa.

"Iwe unaliona tsiku lija anabisa mkono pansi pa bulangete?"

"Sindinalione, achemwali. Munangondiuza."

"Eya. Sunalione."

Anatola shiti ina ya pabedi m'beseni, nandipatsa nsonga ziwiri kuti tiikung'unthe.