Makiyi a Bambo pa Tsiku Loika Mkulu Wawo

Ndinadzuka kusanache, azana isanamveke kumzikiti, makiyi a galimoto ya bambo ali chimangire pamfundo ya chitenje changa. Ndinawachotsa pamsomali dzulo lake, anthu atayamba kusonkhana pasiwa.

Omwalirawo anali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Anayendetsa malole moyo wawo wonse, koma tsiku la imfa yawo analowa pamphambano ya ku Liwonde osaiona minibasi yochokera ku Balaka. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga. Tonse tinkadziwa, koma akanawauza ndani? Bambo anganso maso ndi omwewo, liuma ndi lomwelo.

Kunacha ndi mphepo ya fumbi. Tinasonkha moto kuseri kwa nyumba, utsi ukutilowa m'maso. Anthu ankangofika, a kwa Kawinga pa njinga, ena pa matola. Ine mtima sunali m'malo. Mpunga ndinapsereza, m'ndiwo ndinathira mchere kawiri, makutu ali kukhonde komwe bambo ankapisapisa m'matumba a mkanjo wawo. Ankafuna kunyamula madala olephera kuyenda, ndipo kumanda kwathu sungafike osadutsa pamphambano pomwepo.

"Mwana iwe, makiyi anga sunawaone?"

"Iyayi, ababa."

Itatha swala ya masana, amuna ananyamula jeneza la maliro pamapewa, akulandizana. Akazife sitipita kumanda, ndiye ndinangotsala ndikuzungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinawaona bambo akutsalira m'mbuyo, wapansi, osandicheukira, mpaka fumbi linawabisa. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkaopa kuti akadziwa sadzandilankhulanso.

Pofika madzulo nyumba inali zii, amayi ochepa otsala atagona ndi kutopa. Ndinawapatsa bambo tiyi pakhonde.

"Pamphambano paja wina anandikoka mkanjo," anatero. "Akuti kumabwera lole. Anthu kukokomeza. Mawa ndiperekeza azakhali ako ku Balaka, ndiye makiyi aja aoneke."

Ndinatopa nako kubisa. Ndinamasula mfundo ija n'kuwaika makiyiwo pamkeka, pambali penipeni pa kapu, kunja kukadali kowala. Ndinadikira kuti andikalipire. Bambo anayang'ana pomwepo, anatambasula dzanja, n'kutenga kapu yawo.

"Wandimva kodi?" anatero. "Ndati makiyi aoneke."