Mwana Asanasiye Bere

Mwana wathu wamkazi anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi pamene alamu anga anandipezera ntchito. Inali nthawi ya mliri, m'nyengo yozizira, atatitsekeranso m'nyumba. Tinkakhala kudziko la azungu, ku Govanhill, m'nyumba ya chipinda chimodzi pamwamba penipeni, komwe umafika ukupuma ngati wathamanga.

Amuna anga ankaphika pa hotela ina ku Partick. Itatsekedwa, ankawalipirabe pang'ono ali pakhomo, kenako kunabwera kalata yoti ntchito yatha. Ine ndinali nditasiya yokolopa m'maofesi ndili woyembekezera, ndipo tsopano m'maofesimo munalibenso munthu woti adetse pansi. Mwayi wathu unali wakuti mapepala athu okhalira m'dziko muno anali atakhazikika, choncho tinaloledwa kulembetsa chithandizo cha boma cha anthu opanda ntchito. Anzathu ambiri akutchalitchi mapepala awo sankawalola kulandira chithandizocho. Pa chithandizocho boma linali litawonjezerapo mapaundi makumi awiri pa sabata chifukwa cha mliriwo, koma zowonjezerazo zinkayenera kutha pamodzi ndi mwezi wa Malichi. Pa wailesi ankangokangana, ena ati zipitirire, ena ati zakwana.

Kwa ife mapaundi amenewo anali moto. Ndiwo ndinkaika mu mita ya gasi. Zipupa za nyumba ija zinkachita chuku, ndipo tikangozimitsa hita tsiku limodzi mwana ankayamba kutsokomola. Popanda ndalama imeneyo, mmodzi wa ife anayenera kupeza ntchito, iliyonse, kulikonse.

Alamu angawo ndi achemwali awo aakulu a amuna anga. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Easterhouse. Kuyenderana m'nyumba kunali koletsedwa, ndiye tinakumana ku paki, iwo mbali iyi ya njira, ine mbali inayo ndi mwana kumbuyo.

“Alamu, ndakupezerani ntchito,” anatero. “Kuli agogo ena kumpoto, kutali ndithu, akufuna munthu wogona komweko. Masabata atatu uko, imodzi kuno.”

“Nanga mwanayu?”

“Alibe bambo? Achimwene angawo akuchita chiyani, kupatula kuwerenga nkhunda pa windo?”

“Akuyamwatu.”

“Ayamwa mpaka adzalembe mayeso? Taonani mano ali mbee, akhoza kukukuta chimanga chokazinga ameneyu.”

Anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, nakaika pa benchi kuti ndikatenge ndekha. Munali tsabola wa kambuzi, wouma. Ndinadziwa ntchito yake. Kwathu ku Ntcheu mayi akafuna kuletsa mwana kuyamwa mwachangu amapaka tsabola pa bere, kapena amamupititsa mwanayo kwa agogo ake masiku angapo. Mng'ono wanga anamuletsa ndi tsabola. Analira masiku atatu, ndipo kwa nthawi ndithu ankati akaona amayi akubwera, amatembenukira kukhoma.

Ndinati, “Bwanji tidikire kaye timve boma? Mwina awonjezera.”

Alamu anatsitsa masiki n'kundionetsa mphuno yawo. Pamwamba pake panali bala lofiira, pomwe masiki imakhula tsiku lonse.

“Mukuona apa? Ife tikusambitsa anthu, ena akutisiya tili nawo m'manja. Mwezi ukatha akundidula msonkho, ndalama ija n'kupita kwa anthu ali khale pa sofa. Ndipo ndalama zimenezi boma likuchita kubwereka. Adzabweza ndi yemwe mwaberekayu. Akawonjezeranso, anthu azolowera, ntchito adzaiwala mmene imagwiridwira. Kuntchito kwathu anthu akusowa, tsiku lililonse tikupereweza manja.”

Sindinawatsutse. Munthu amene nkhope yake ili ndi bala sumutsutsa pamsewu. Komanso sankanama zonse, ntchito yosamalira okalamba inalipodi. Koma ndinkadziwa zomwe iwo sankaziona: kuti achimwene awowo m'mawa uliwonse ankavala shati ya kolala n'kukhala pa tebulo ndi foni, kulembera malo osungira katundu, masitolo, malo ophikira buledi, ndipo ambiri sankayankha n'komwe. Ntchito yoyendetsa katundu inkafuna laisensi, amuna anga analibe. Ndipo agogo akumpotowo ankafuna wantchito wamkazi.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu,” ndinatero.

“Nkhono za kuno zinafa ndi chisanu. Abwana a ntchitoyo andipatsa masabata awiri. Akatha, atenga wina.”

Kunyumba ndinawafotokozera amuna anga. Iwo anati, “Amake mwana, ine sindingakuuzeni kuti pitani, komanso sindingakuuzeni kuti khalani. Pakamwa panga palibe mphamvu masiku ano.” Tinagwirizana chinthu chimodzi: boma likadula zowonjezera zija, ndipita, mwana asiye bere. Likapitiriza, ndikhala.

Kuyambira tsiku limenelo iwo anayamba kuphunzira kubereka mwana. Chitenje ankamangira m'mimba ngati lamba, mwana n'kumatsetserekera kumatako, miyendo ili lendee. Ndinkawawerametsa, kuwaonetsa kuti nsonga ina idutse paphewa, ina kukhwapa. “Mfundo iyi ndiye yovuta kuposa msuzi wa azungu,” ankatero. Mwana ankaseka, kuwakoka makutu. Ine ndinkasekanso, koma ndikapita kubafa ndinkakhalitsako.

Tsiku lina masana ndinati ndiyese, kuti tsikulo likafika lisandidzidzimutse. Ndinasinja kambuzi mmodzi m'mbale ndi supuni, ndinathirako timadzi. Fungo lokha linandiyetsemulitsa kanayi. Mwana anabwera akudzandira, anagwira bondo langa, n'kuyamba kukoka bulawuzi monga ankachitira akafuna kugona. Ndinayang'ana mbale, ndinayang'ana kakamwa kake. Ndinakankhira mbale kutali, ndinasamba m'manja kawiri ndi sopo, n'kumuyamwitsa. Madzulo ake amuna anga anapeza tsabola uja n'kumuthira mu nyemba. Anati sanadyepo nyemba zokoma chonchi chibwerere kuno, ndipo ndiwathokozere achemwali awo.

Tsiku lolengeza linafika kutatsala masiku awiri kuti ndiyankhe za ntchito ija. Wailesi inali itayamba kale kunong'ona kuti mwina awonjezera, koma ine ndinkafuna kumva kuchokera pakamwa pa mwini wake. Tinayatsa TV masana. Nduna ya zachuma inaimirira n'kuyamba kulankhula. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Chingerezi cha pa basi ndi cha m'sitolo ndimachimva, ngakhale cha anthu akuno chomeza mawu, koma cha nduna chinkandidutsa pamwamba.

“Wati chiyani?” ndinafunsa amuna anga.

“Dikirani, akuyamika kaye anthu.”

“Nanga pano?”

“Pano akunena za omwe akulipidwa ali pakhomo.”

“Inu, musaphonyetu.”

“Ndiphonya chifukwa cha inuyo. Takhalani chete.”

Kenako amuna anga anadzutsa chala m'mwamba. Anamvetsera, n'kutembenuka. “Miyezi isanu ndi umodzi. Awonjezera miyezi isanu ndi umodzi.”

Sindinavine. Ndinapita kukayatsa hita, ngakhale sinali nthawi yake, n'kuimbira alamu.

“Ndamva,” anatero ndisanayambe. “Miyezi sikisi imeneyo ithanso, mudzandifuna.”

“Ndidzakufunani ndithu, alamu. Ndili ndi ndaninso kuno?”

“Pakamwa pokoma. Mwanayo mumupatse phala la nsinjiro, osamangodalira bere.”

Pamenepo ananena zoona, ndipo ndinawamvera. Miyezi imeneyo sindinaione ngati mphatso yoti ndigonere, ndinaiona ngati nthawi yomwe andibwereka. Ndinayamba kuchotsa bere la masana, m'malo mwake phala lothira chiponde ndi kakapu ka mkaka. Patapita masabata angapo ndinachotsa la madzulo, bambo ake n'kumamugoneka kumbuyo, mfundo ataidziwa tsopano. Linatsala la m'mawa lokha. Analirako, inde, koma kulira kwa mwana wokwiya, osati kwa mwana amene mayi ake amusandukira.

Kunja kutayamba kufunda, malo odyera anatsegulidwa. Amuna anga anaitanidwa pa lesitilanti ina, masiku anayi pa sabata, kuyambira masana. Ine alamu omwe aja anandilankhulira kuntchito kwawo, ndinapeza yochapa zovala za okalamba m'mawa, kubwerako amuna anga asananyamuke. Tsiku loyamba alamu anandiuza kuti, “Musandichititse manyazi,” kenako anandigawira sangweji yawo.

Zowonjezera zija anadzazichotsa ndithu miyeziyo itatha. Ife zinatipeza titaima kale ndi miyendo iwiri. Mayi wina wa pansi pathu, mzungu wa ana atatu, zinamupeza asanaime, ndipo nyengo yozizira imeneyo ana ake ankabwera kudzaonera TV kwathu chifukwa kunali kofunda. Alamu ndi ine sitinagwirizanebe pa nkhaniyi. Iwo amati ntchito inalipo. Ine ndimati inalipo, koma mtengo wake sanali kulipira iwo, ndipo munthu akamamira sumuuza tsiku lomwe udzachotse chingwe, umayang'ana ngati wafika kumtunda. Tikayamba zimenezi amuna anga amanyamuka kukatsuka mbale.

Bere la m'mawa lija linatha lokha m'mwezi wa Ogasiti. Linali Loweruka, sindinkapita kuntchito. Mwana anakwera pa bedi monga mwa masiku onse, ine n'kukweza malaya. Anayang'ana, anagwira ndi kachala, n'kutsitsa malaya aja yekha ngati akutseka katani. Anatsika, n'kulunjika kukhitchini komwe bambo ake ankawotcha buledi, akuitana “tosti, tosti” ndi kalankhulidwe ka ana akuno. Ndinakhala pa bedi kudikira kuti mwina abwerera. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako bambo ake akumuuza kuti auzire kaye, n'chotentha.