Zimene Makina Analemba Nditatuluka

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye pansi pa tebulo.

Musathamangire kuganiza zoipa. Ndinalowa mu boardroom Lolemba m'mawa kukayala mapepala a msonkhano, n'kungoona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa tebulo, nsapato zili phuliphuli.

"Pepani, mwamwalira kapena mukugwira ntchito?"

"Ndikufuna socket, achemwali."

Anatuluka fumbi lili kumutu, chikwama kumsana, akumwetulira ngati munthu amene sanachotsedwepo ntchito. Mu ofesi tinangomutcha Chikwama, poti sankachivula ngakhale popita kuchimbudzi.

Kampani inamuitana kuti adzatiikire AI, pulogalamu yomvetsera misonkhano n'kulemba yokha maminitsi. Ndipo wolemba maminitsi pakampanipo, zaka zinayi, digiri ikudyedwa ndi mphemvu m'kabati, ndinali ine.

Ndinamufunsa mosapita m'mbali: "Ndiye mwabwera kudzandichotsa ntchito?"

"Ayi! Ichi n'chokuthandizani basi. Inu mudzakhala supervisor wake."

Supervisor... Mawu amenewo anatsika pakhosi ngati madzi ozizira.

Anthu amaiderera ntchito yanga. Sadziwa kuti luso la maminitsi lagona pa zimene wasiya. Abwana akamenya tebulo n'kunena kuti a ku sales ndi mbuzi zovala mataye, ine ndinkalemba kuti "abwana analimbikitsa a ku sales kuwonjezera khama." Anthu ambiri muja amapatsanabe moni chifukwa cha cholembera changa.

Chikwama anandipempha kuti ndiphunzitse pulogalamu yake maina a anthu, madipatimenti ndi kalembedwe kathu. Tinkatsalira nthawi ya lunch, makapu awiri a tiyi, laputopu pakati. Ankawerenga maminitsi anga akale mokweza, dzanja pamtima, ngati ndakatulo. Anandikonzera tayala la mpando limene linandivutitsa zaka ziwiri.

Ine ndinagwa, anzanga. Kugwa kopanda kugwira pena paliponse.

Atabwera kunyumba anakonza foni ya amayi n'kuwabwezera zithunzi za malemu bambo zimene zinafufutika. Amayi misozi chuchuchu.

"Mwanangu, mkamwini ndi ameneyu. Enawo anali alendo."

Anti a pa reception okha ndiwo ankandiyang'ana cham'mbali.

"Mwana iwe, nkhuku sichita chibwenzi ndi wonola mipeni."

"Anti, nsanje imakalambitsa."

"Ine ndinakalamba kale. Iwe ndi amene ukufulumira."

Patatha miyezi itatu linafika tsiku loyesa: pulogalamu ilembe yokha, itumizenso yokha. Msonkhano utatha abwana anati, "Mlembi, tatisiyani pang'ono." Ndinatuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu. Munatsala abwana, mayi wa HR ndi Chikwama.

Ndi kachipangizo komvetsera ka pulogalamu ija patebulo, kamene katswiri wathu anaiwala kuzimitsa.

Sipanathe theka la ola, makompyuta onse mu ofesi anangoti ting! ting! ting! Maminitsi afika kwa aliyense, mpaka kwa makasitomala amene anali mumsonkhano pa video. Ndinatsegula ndi mtima wa mphunzitsi wofuna kuona ntchito ya mwana wake.

"Mfundo 6: Abwana anati kasitomala wathu wamkulu ndi mbava yodziwa kuvala.

Mfundo 7: Udindo wa mlembi uthe kumapeto kwa mwezi.

Mfundo 8: Abwana anafunsa ngati mlembi sadzavuta. Katswiri anayankha kuti ali naye pachibwenzi, ndipo amusangalatsabe mpaka amalize kuphunzitsa pulogalamu.

Mfundo 9: Onse anaseka."

Onse anaseka...

Zaka zinayi, ine sindinalembepo kuti anthu anaseka. Pamndandanda wa opezeka pamsonkhano, dzina langa inalilemba bwinobwino, mosaphonya chilembo. Si ndinaiphunzitsa ndekha?

 Anthu makumi anayi a mu ofesi ankangoyang'ana makiyibodi ngati awaona koyamba. Anti a pa reception anangobwera n'kundiikira kapu ya madzi, osanena kanthu, ndipo zinandiwawa kuposa akadanena.

Chikwama anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Babe, mvera. Zinthu izi zimalakwitsa, nthawi zina zimangopeka nkhani!"

"Si iwe unauza abwana kuti sizilakwitsa?"

"Eya, koma..."

"Ndiye tithandizane. Wabodza ndani, iweyo kapena katundu wako?"

Abwana anali ataima kumbuyo kwake, manja m'thumba, nawonso akudikira yankho. Chikwama anandiyang'ana ine. Anayang'ana abwana. Anakonza lamba wa chikwama chake.

"Pulogalamu ili bwinobwino, bwana."

Basi. Chibwenzi chinathera pamenepo, popanda ngakhale any other business.

Kasitomala uja anachoka sabata yomweyo. Mbava yodziwa kuvala imadziwanso kuwerenga. A ku sales anawerenga m'maminitsi momwemo zimene abwana amawatcha, awiri anasiya ntchito. Chikwama anamaliza kontrakiti yake n'kupita kukakwawa pansi pa matebulo ena.

Ine sanandichotse. Abwana anandiitana, akuyang'ana kudenga, n'kunena kuti pakufunika munthu woti aziwerenga zimene makina alemba n'kufufuta zosayenera zisanatumizidwe. Udindo wake? Supervisor. Pa zonse zimene mnyamata uja anandilonjeza, chokhacho ndicho chinachitika.

Ndiye ndimafika m'mawa, kukhala pampando umene anakonza uja, n'kumafufuta. Matemberero a abwana, miseche ya HR, tsiku lonse delete, delete. Ndikafika kunyumba amayi amafunsabe kuti, "Nanga amkamwini?" Ndimawayankha kuti anapita ku update.

Ndatopa, anzanga. Mfundo 8 ndinaikhululukira, munthu amafuna kudya. Koma Mfundo 9 ija yakana kufufutika.

Mukafuna kukhulupirira munthu, zimene amakuuzani muli pomwepo n'zotsekemera kwa aliyense. Dzifunseni zimene amanena inu mukatuluka n'kutseka chitseko mwaulemu.