Amayi a Makiyi ndi Kachipinda ka Kositira

Pa hositelo ya atsikana pamene ndinkakhala ndikuphunzira zauphunzitsi panali mayi wina amene tonse tinkangowatchula kuti Amayi a Makiyi. Ntchito yawo inali yotsegula ndi kutseka geti, kochapira, kositira ndi kosungira matiresi. Makiyi onse ankawamanga pachingwe chimodzi m'chiuno, moti unkawamva asanatulukire pakona. Ukangomva ngwerengwere m'khonde unkabisa msanga ketulo, chifukwa kuphika m'zipinda kunali koletsedwa. Iwo ankadziwa bwinobwino. Ankachita dala kugwedeza makiyiwo akadali patali, kenako n'kulowa akununkhiza.

"Muno mukumveka tiyi," ankatero. "Koma poti ndili ndi chimfine, mwina ndi mphuno zangazi."

Anali aafupi, a zaka za m'ma fifite. Phazi lawo lakumanja linkatupa nthawi yotentha, ndiye kuphazi limenelo ankavala nsapato ya malemu amuna awo, kwinako yawoyawo. Amuna awowo anali dalaivala wa basi, ndipo anamwalira kalekale n'kuwasiyira ana anayi. Sukulu sanapite nayo patali. Asanabwere kuhositelo anatha zaka khumi ndi ziwiri akuchapa mabulangete pachipatala china, moti m'manja mwawo munali mokhakhala ngati chiguduli.

Chaka changa choyamba, koleji inalemba phungu woti azibwera Lachinayi lililonse kudzacheza ndi atsikana ovutika maganizo. Aphunguwo anali mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula motsitsa mawu. Anawapatsa ofesi yogundizana ndi ya akulu a koleji, pachitseko n'kukhomapo chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu, UPHUNGU, panja n'kuikapo benchi. Benchilo linayang'ana pomwe tinkafola polandira chakudya. Ndani akanakhalapo? Tinkanena kuti wopita kumeneko ndiye kuti ali ndi mimba, apo ayi mutu wayamba kubalalika. Teremu yonse munalowa atsikana awiri okha, ndipo mmodzi anali atasochera, ankafuna kosindikizira mapepala.

Amayi a Makiyi ataona choncho anapita kwa akulu a koleji.

"Bwana, aphungu aja muwasamutsire kwanga kositira. Kuli kachipinda kam'kati komwe timaunjikamo simbi zakufa."

"Munthu wa digiri akakhale pakati pa zovala zonyowa?"

"Zovala sizinena miseche, bwana. Mtsikana akanyamula bulauzi n'kumapita kositira, palibe amamufunsa kumene akupita."

Akuluwo anakana. Amayi anabweranso sabata yotsatira, anakanidwanso. Ulendo wachitatu anabwera ndi aphungu enieniwo, ndipo akuluwo, atatopa nawo, anati ayese kwa teremu imodzi. Amayi anakolopa kachipindako, anaikamo mipando iwiri yapulasitiki, pazenera n'kupachikapo nsalu yakale yoyala pabedi. Chikwangwani anakana. Mtsikana ankabwera ndi zovala zake n'kudutsa chitseko cham'kati, ndipo iwo ankatsala panja akumusitira. Potuluka ankalandira zovala zotentha zopindidwa bwino, n'kubwerera kuchipinda ngati wina aliyense.

Ine nthawi imeneyo ndinali mmodzi wa oseka. Ndinkati mavuto anga ndimathana nawo ndekha.

Chaka chachiwiri bambo anga anamwalira mwadzidzidzi, ali kuntchito. Pamaliro sindinalire kwenikweni, chifukwa ndine woyamba kubadwa ndipo aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima chifukwa cha amayi ndi azing'ono anga. Ndinalimbadi. Nditabwerera kukoleji ndi pamene zinandigwera. M'mawa thupi linkalemera ngati landiunjikira mchenga. M'kalasi mtima unkagunda mpaka ndinkaona ngati ndikomoka, ndiye ndinasiya kupitako. Kusamba ndinkaona ngati ntchito yaikulu. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anayesetsa kundiseketsa, kenako anatopa n'kumangondisiyira buledi patebulo.

Lolemba lililonse tinkakasintha nsalu zoyala pabedi kwa Amayi a Makiyi. Ine ndinadumpha masabata atatu. Tsiku lina cha m'ma teni m'mawa, anzanga onse ali m'kalasi, ndinamva chitseko chikutseguka. Ndinafunda kumutu. Anali Amayi a Makiyi. Anakhala pabedi la mnzanga uja n'kuvula nsapato.

"Usadzuke, mwanangu. Ndangofuna popumitsira phazili."

Anakhala mphindi ngati makumi awiri osanena kanthu, kenako anapita. Mawa lake anabweranso, anatsegula zenera, n'kukhalanso. Tsiku lachitatu ndinavundukula bulangete.

"Mwatumidwa kuti mukandinenere?"

"Akanakhala kuti andituma, bwenzi nditanena dzana. Ukufuna ndikuuze za mwana wanga wachisamba?"

Iwo anangoyamba. Anati mwana wawoyo anabereka ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, bambo wa khandalo atathawa kale. Patapita milungu ingapo anasiya kudya, anasiya kusamba, khanda likalira ankangoliyang'ana.

"Ine ndinkati ndi ulesi," anatero. "Ndinkamuuza kuti enafe tinabereka anayi, tsiku lachitatu tili pamulu wa zochapa. Ndinkamuuza kuti akundichititsa manyazi. Pakamwa panga sipankatsekeka. Tsiku lina masana ndili kuntchito, ndinangoona aneba akulowa naye pageti la chipatala chomwecho chimene ndinkachapako. Anali atayesa kudzichotsera moyo."

Anasisita phazi lija.

"Anapulumuka. Ndiye kunali nesi wina wodziwa za maganizo amene anandiitanira pambali. Ndinkaganiza kuti andikalipira. Anangoti, 'Mayi, mwana wanu akudwala, monga mmene munthu amadwalira chibayo. Mankhwala ena tipereka ife, ena muli nawo ndinu, ndiwo makutu anuwo.' Ine ndi ukulu wanga wonse sindinkadziwa kuti mtima umadwala munthu akuyenda."

"Pano ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali ndi makina ake osokera, ndipo amandilamulira ngati ndine mwana wake. Khanda lija pano likundiposa msinkhu." Anavala nsapato. "Ine si phungu, mwanangu, ndimangoperekeza. Mawa ndi Lachinayi. Ubwere ndi chovala chilichonse, ngakhale mpango."

Ndinapita ndi siketi imodzi. M'kachipindamo munkamveka fungo la sopo ndi nsalu yotentha. Aphungu anandiuza poyamba kuti zimene ndinganene zithera momwemo, pokhapokha ngati moyo wanga uli pangozi. Kenako anandifunsa kuti bambo anga anali munthu wotani. Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Onse ankangofunsa mmene anafera. Ndinayamba kufotokoza mmene ankaimbira mluzu akamameta ndevu, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalira maliro a bambo anga, patatha miyezi iwiri ataikidwa. Aphungu sananene kuti nditonthole. Anangondisunthira kabokosi ka mapepala opukutira. Nditatuluka, Amayi anandipatsa siketi yanga osandiyang'ana kumaso.

"Mpendero wake wamasuka. Ubwere nayonso sabata yamawa ndidzausoke."

Sindinachire tsiku limodzi. Aphungu anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, ndi kulemba chinthu chimodzi chokha choti ndichite tsikulo, ngakhale kusamba kokha. Ananditumiza kwa dokotala, ndipo ndinamwa mankhwala kwa miyezi ingapo. Anandilembera kalata yoti mayeso amene ndinaphonya ndilembe pambuyo. Panali sabata ina imene ndinabwerera m'mbuyo osapita kwa aphungu, ndipo nditapita ndinapepesa ngati ndalakwa. Iwo anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wabwera, tiyambire pomwepa." Chovuta kwambiri chinali kuwaimbira amayi anga n'kuwauza kuti sindili bwino. Pafoni pomwepo anati nawonso sagona tulo, ankangoopa kundiuza.

Amayi a Makiyi nawo sanali mngelo. Tsiku lina anadera nkhawa mtsikana wina wa chaka choyamba, n'kupita kukafunsa aphungu zimene mtsikanayo ankanena m'katimo. Aphungu anawakanira mwaulemu koma mosapita m'mbali. Amayi anakwiya, sabata yonse akulankhula okha kuti ana amasiku ano akaphunzira amaiwala amene anawasesera ofesi. Lachinayi lotsatira anabwera okha kudzapepesa, n'kunena kuti chitseko chimenecho chikanakhala chotulutsa zinsinsi, iwo omwe sakanalowetsamo mwana wawo. Panalinso mtsikana wina amene anamuyendera mwezi wathunthu koma anakana thandizo, n'kusiya sukulu. Nkhani imeneyo inawapweteka kwa nthawi yaitali. Ankati akanayamba msanga mwina zikanasintha, ndipo aphungu anachita kuwakhazika nawonso pampando uja.

Teremu yoyesera itatha, akulu a koleji sananenenso zosamutsa. Aphungu anayamba kubwera kawiri pasabata, Lachiwiri ndi Lachinayi, chifukwa atsikana anachuluka. Ena ankabwera ndi za chibwenzi chowamenya, ena mantha a mayeso, ena zimene zinawachitikira ali ana zomwe anali asanauzepo munthu. Pofika chaka changa chomaliza manyazi anali atachepa moti wina ankatha kunena pagulu kuti, "Ndisungireni malo, ndikupita kwa aphungu." Loweruka masana tinayamba kukumana tokhatokha kositira komweko, atsikana asanu ndi atatu kapena khumi, wina akuluka mnzake, n'kumakambirana mmene sabata yatithera. Amayi ankakhala pakhomo, ati akuyang'anira simbi.

Bungwe lina litabweretsa maphunziro a masabata awiri a mmene ungamvetsere munthu wovutika maganizo, aphungu analembetsa dzina la Amayi. Iwo anakana, ati cholembera anachigwira komaliza asanakwatiwe. Tinawakakamiza, ndipo ine ndinkawawerengera mapepalawo madzulo tikaweruka. Pomaliza anabwera akuseka.

"Masabata awiri athunthu kundiphunzitsa kukhala chete. Malemu amuna anga anayesa zaka makumi awiri osakwanitsa."

Pano ndikuphunzitsa pasekondale ya atsikana, ndipo Amayi anapuma pantchito chaka chatha. Mwezi wathawu ndinapita kukawaona kumene mwana wawo uja amasokera. Ndi kashopu kopapatiza ka makina awiri, pansi pali tizidutswa ta nsalu. Kuseri kwake kuli khonde la mthunzi, ndipo ndinapeza atsikana anayi atakhala pamphasa, atatu ali ndi makanda kumsana. Amakumana pamenepo Lachitatu lililonse, ndipo nesi wa pachipatala chapafupi amabwera kamodzi pamwezi kudzaona amene akufunika thandizo loposa kucheza.

Nanenso ndinali ndi vuto langa, ndipo ndinawafotokozera Amayi. M'kalasi mwanga muli mtsikana wanzeru amene wasiya kulankhula, ndipo ndikamufunsa amangoti palibe.

"Wamufunsa kangati?" anatero Amayi.

"Tsiku lililonse."

"Ndiye wamutopetsa. Mupatse kantchito koti muzichita awiri, ngati kusanja mabuku. Uzikhala pambali pake, osati kutsogolo kwake. Ndipo upeze msanga phungu weniweni, kuti akadzatsegula pakamwa udziwe komuperekeza."

Mwana wawo anasuzumira pazenera, mapini ali kukamwa, n'kunena kuti makanda akufuna madzi ndipo ine ndisangokhala ngati mlendo. Ndinatenga ndowa n'kupita kumpopi. Pobwerera ndinapeza mmodzi wa atsikana aja, amene anali chete nthawi yonseyi, wayamba kufotokoza nkhani yake motsitsa mawu. Amayi anali atamulandira khanda kuti alankhule bwino, ndipo anandikodola ndi mutu kuti ndikhale pansi.