Ndege Yanga Inali ndi Livasi

Chaka chimene ndinafunsira mbeta ku Palabana ndi chaka chomwenso ndinalemba filimu ya nkhondo ya mumlengalenga. Ndege ndinali ndisanakwerepo, koma kwathu ku Chongwe zimatidutsa pamutu tsiku lililonse popita kokatera, zina motsika kwambiri moti tsiku lina ndinaona woyendetsa akuyasamula. Sindikunama, anali ndi dzino lagolide.

Filimuyo inali ya achinyamata a kutchalitchi kwathu. Tinagwirizana kujambula ndi foni, ndege zikhale za makatoni zolendewera pawaya woyanikapo zovala. Pachimake pa nkhani, mdani akuthamangitsa ngwazi yathu, ngwaziyo inkaponda mabuleki, ndege n'kuima chilili mumtambo, n'kubwerera livasi, n'kumuwombera mdaniyo kumsana. Polemba pamenepa ndinadziwombera m'manja ndekha.

Bwenzi langa anatenga mapepalawo kukawerengera kwawo, n'kuwasiya pampando. Anawapeza ndi atate ake. Mkuluyo ankayendetsa ndege zankhondo asanapume pantchito, ndipo tsopano ankaweta ng'ombe zamkaka zimene zinkalowa m'khola pamzere, ya udindo waukulu patsogolo.

Akwathu anali atapita kale kukaonekera, chotsala chinali choti mkuluyo atchule nthawi ya ukwati. Tsono mwambo wathu ife ochokera kum'mawa, mkamwini salankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Mukakumana panjira umapatuka, kunjuta, kuwomba m'manja uku ukuyang'ana tchire. Mawu onse amadzera kwa ankhoswe. Ankhoswe anga anali amalume a ku Bundabunda, munthu woti minibasi ikangothamanga pang'ono amayamba nyimbo ya maliro.

Tsiku lina amalumewo anafika panjinga nkhope ili gwa.

"Mphwanga, apongozi ako akuti za siku la ukwati uyambe waiwalako."

"Nalakwa chani, amalume?"

"Akuti ndeke ilibe livasi. Ikaima, igwa. Akuti munthu wonamizira ndeke azanamiza na mwana wawo."

Ndinalembanso. Ngwazi inasiya livasi, inayamba kukhota mwamphamvu uku ikuimba nyimbo ya kwaya. Amalume anapita nazo, n'kubwerako.

"Akuti ukakhota so, magazi yathawira kumapazi, m'maso mwachita mdima. Munthu amakhala alikuchita kubuula monga ng'ombe yobala. Kwaya ichoke."

Kwaya inachoka. Koma vuto linakula, chifukwa apongozi pofotokoza ankagwiritsa ntchito manja, lina ndege yathu, lina ya mdani. Amalume, poopa kuiwala, ankaumitsa manja awo mmene aonera, n'kupalasa njinga osagwira chiwongolero kuchokera ku Palabana mpaka kwathu paboma. Alipo anthu amene anawaona. Pofika, mabampu a mumsewu anali atasuntha ndege zonse, ina ikuloza kumsika, ina m'thumba la jekete. Ine ndinkalemba zomwezo mokhulupirika, ndipo apongozi akawerenga ankakagona osadya.

Loweruka lina anandiitanitsa. Ndinanjuta kumapeto kwa bwalo, maso kukhola. Pakati pa bwalo panali mtengo wa mango ndi njinga ziwiri.

"Ankhoswe," anatero mkuluyo, "muuzeni mkamwini akwere njinga iyo. Tizazungulira mtengo. Amene apezeke kumsana kwa mnzake alize belu, ndiye kuti wawombera."

Amalume anandiuza, ngakhale ndinali nditamva.

Tinayamba. Ine ndinkapalasa khosi nditapotolera kumunda, chifukwa apongozi sayang'anidwa. Belu linalira kumsana kwanga. Tinayambanso, linaliranso. Kachitatu ndinawomba ndowa ya mkaka.

"Ankhoswe, mufunseni ngati ali na maso. Pankhondo ukataya mdani m'maso, wafa. Aziniyang'ana."

Amalume anavula chipewa. "Pepani, atate, ivo sininganene. Mwambo sulola. Nikamuuza ine, kwathu azaniseka mpaka kumanda."

"Ni lamulo la m'mwamba."

"Ise tili pansi, atate."

Ngakhale ng'ombe zinasiya kubzikula. Bwenzi langa ndi amayi ake anali pakhonde, nsalu kukamwa. Ndinaona ukwati wanga ukutsetsereka: ndikayang'ana ndine wamwano, ndikapanda kuyang'ana ndine mtembo.

Kenaka mkuluyo anatsokomola, n'kulankhula molunjika kwa ine koyamba chibadwire.

"Iwe. Niyang'ane."

Ndinayang'ana. Anali ndi ndevu zoyera ndi maso aang'ono oseka, osati nyanga monga ndinkaganizira.

Ulendo uno ndinawamamatira. Ndinakhota mothina kuti ndiwadulire kutsogolo, koma njinga inatha liwiro, inayamba kunjenjemera. Iwo sanalimbane nane pokhota. Anakwera chulu cha m'mbali mwa bwalo, anatembenukira pamwamba pake, n'kutsika ngati mphamba, dzuwa lili kumsana kwawo, ine ndikuphethira. Belu linalira pafupi ndi khutu langa.

"Waona? Ukakhota kwambiri wagulitsa liwiro. Ine nasungira langa pamwamba, nabwera kulitenga potsika. Nkhondo yonse ni pamenepo, siitenga nthawi yophikira tiyi. Uzalemba?"

"Nizalemba, atate."

"Manje kweranso. Uyese iwe."

Tinazungulira mpaka nthawi yokama mkaka inapitirira. Pomaliza ndinakwera chulu chija, ndinatsika miyendo ili m'mwamba, ndipo ndisanagwere m'mpanda ndinakwanitsa kuliza belu kumsana kwa apongozi anga. Kulira kwake kunamveka mpaka pamsewu waukulu, madalaivala anaima kuyesa ndi apolisi.

Mkuluyo anandizula mumpandamo ndi dzanja lake, akupumira m'mwamba.

"Wafa na iwe, koma wayamba kuniwombera. Ukwati tikatsiriza kukolola."

Ndisanayankhe, amalume analowa pakati pathu, chipewa chili pamtima.

"Pepani, atate. Za ndeke kambiranani mwekha, nalema nazo. Koma iyi ya ukwati ni yanga."

Apongozi anawongola kolala, n'kubwereza mawu aja kwa amalume mwaulemu wonse. Amalume anayenda mapazi awiri, ananjuta pambali panga, n'kundinong'oneza kuti ukwati tikatsiriza kukolola. Ine ndinadabwa monga mwa mwambo.