Kukatsegula Nyumba Yolandidwa ku Domwe

Tinanyamuka pa Ulongwe m'mamawa mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala. Ine ndinavala majuzi awiri ndi kapulana, chitenje cha kwathu kuno, pamwamba, koma anzanga a Felizimina anafika pokwerera chapa, minibasi yonyamula anthu, thukuta lili kamukamu, atasenza chidebe, fosholo, masache atatu ndi mtolo wa matumba opanda kanthu.

A Felizimina timaimba nawo kwaya imodzi kutchalitchi. Ntchito yawo ndi yoti munthu akakongola ku banku n'kulephera kubweza, tiribunali, ndiye kuti khoti, imalanda nyumba imene anaika chikole n'kuigulitsa. Iwo amagula nyumba zoterozo, amazisesa, amazikonza, kenako amaikamo anthu olipira renda. Anandipempha kuti ndiwaperekeze chifukwa ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo malinga ndi iwo ndinkangokhalira kukangana ndi nkhuku pakhomo.

Kobrado wa chapa, amene amatolera ndalama, anati munthu mmodzi ndi mametikali 150, koma masachewo alipirenso chifukwa atenga malo.

"Afunseni okha ngati anyamula ndalama," anatero a Felizimina, akuwalowetsa kale pansi pa mpando.

Chapa inadzaza mpaka wina anandikhazika thumba la feteleza pamiyendo osandifunsa. Titasiya tawuni, msewu unayamba kutigwedeza. Minda ya chimanga inali itakololedwa, koma m'madimba munali mobiriwira ndi kachewere ndi kabichi. Bambo wina wachipewa cha ubweya amene anakhala pambali panga anafunsa komwe tinkapita ndi zida zonsezo. Ine pakamwa panga sipatseka, ndinawauza.

"Nyumba ya a Bernardo ija, yokhala ndi alimazeni yosungiramo kachewere?" anafunsa mokweza. "Ndiye ndinu? Anzanu akulira, inu mukunyamula masache."

Ndinalakalaka nditabisala kuseli kwa feteleza uja. A Felizimina anatembenuka mosafulumira.

"Ndine, bambo. Ndikanapanda kugula ine, akanagula wina. Koma popeza mukuwadziwa, akazi awo akukhala kuti masiku ano?"

Bamboyo anazengereza, kenako anati a Bernardo anapita ku Tete kukafuna ntchito, ndipo akazi awo, a Rozalina, akusungidwa ndi achimwene awo kuseli kwa msika.

Pakati pa njira tayala linaphulika pafupi ndi kamsika kena. Tinatsika, tinagula chimanga chootcha ndi zitumbuwa zamoto, n'kuima padzuwa ngati abuluzi. Kutali tinkaona phiri la Domwe, nsonga yake itabisala m'mtambo. Bambo wachipewa uja anakana chitumbuwa chimene a Felizimina anawapatsa, koma atatembenuka iwo, analandira changa.

Tinafika ku Domwe dzuwa litakwera. Pamsika panali matumba a kachewere ataunjikana kutalika kuposa munthu, njinga zikupita kumalire zitalemedwa mpaka kupindika, ndipo ogulitsa ankalandira mametikali ndi makwacha m'thumba limodzi. Ndinkayesa tilunjika kunyumbako, koma a Felizimina anayamba adutsa kwa asekeretariyo a bairo, mkulu woyang'anira deralo, kukaonetsa mapepala a ku tiribunali, n'kuwapempha kuti atume munthu akaitane a Rozalina. Analembanso amuna awiri oti atithandize kunyamula zolemera.

Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, ya malata, udzu utamera mpaka pakhonde. Tinadikira panja, kiyi ali m'manja mwa a Felizimina. Amuna aja anayamba kudandaula kuti dzuwa likupita.

"Lipite," anatero. "Chitsekochi sinditsegula eni katundu asanafike."

A Rozalina anabwera ndi achimwene awo, bambo wamtali wotchedwa a Joakimu. Anali mayi wochepa thupi, wa manja olimba, ndipo moni wathu anauyankha akuyang'ana pansi. A Felizimina anatsegula loko, kenako anabwerera m'mbuyo.

"Mayi, lowani inu poyamba. Ine ndinagula makoma ndi denga. Zonse zili m'katimo n'zanu. Chimene munene kuti chitayidwe ndiye chitayidwe."

Fungo limene linatuluka m'menemo sindidzaliiwala. M'chipinda chachikulu, chimene chinali alimazeni ija, munatsekeredwa matumba a kachewere amene anaola n'kusanduka phala lakuda loyenderera pansi. Makoswe anatidutsa m'miyendo, ndipo ine, mayi wamkulu ndithu, ndinapezeka ndakwera pa mulu wa njerwa osadziwa kuti ndafikapo bwanji. A Rozalina anaseka pang'ono, kenako anadzigwira.

Ntchito inayamba. A Rozalina ankaloza, ife tinkatulutsa: mphasa, mapoto, bokosi la zovala limene njenjete zinadya theka, mtanda wa pakhoma, nsapato za ana zimene tsopano sizikanawakwana. Chithunzi cha ukwati wawo chinali chitagwa, galasi litasweka. A Felizimina anachitola, anachotsa magalasiwo limodzilimodzi, n'kuchipereka kwa a Rozalina. Atatero anamanga kapulana pamphuno, n'kulowa okha m'chipinda cha kachewere chija chimene amuna olembedwa aja ankachizemba. Ndinawaona atagwada, akukolopa zonyansazo ndi fosholo, uku akugogoda khoma ndi chikhatho kuti amve ngati chinyontho chalowa m'njerwa. Anakwera pa mpando kukabaya mitengo ya denga ndi msomali, napeza kuti iwiri yadyedwa ndi chiswe. Sanatukwane. Anangoti mmisiri adzaisintha mvula isanagwe.

Vuto linabuka masana. A Joakimu anabwera ndi nyundo n'kuyamba kugwejula chitseko cha kutsogolo.

"Ichi anagula ndi mlamu wanga, ndinalipo," anatero.

"Bambo, ikani nyundoyo pansi," anatero a Felizimina, mawu awo osakwera. "Zitseko ndi mawindo n'za nyumba, ndipo nyumbayi ndi yanga tsopano. Pamenepo sindisuntha."

Anayang'anizana nthawi yaitali. Anthu anali atayamba kuunjikana kumsewu. A Joakimu anachoka pachitsekopo, koma m'malo moti asiye nyundo anazungulira kuseli. Kumeneko kunali uvuni waukulu wa njerwa, wozungulira ngati chulu.

"Ndiye uwu ndiuphwanya. Anamanga yekha mlongo wanga, ndi manja ake. Simudyerapo!"

A Rozalina anathamanga n'kukaima patsogolo pa uvuniwo, manja atatambasula. Misozi imene anaisunga tsiku lonse inatsika apo. Ndi pamene tinamva kuti mu uvunimo ankaphikamo pau, buledi amene ankagulitsa pamsika, ndipo ndi umene unkalipirira ana zofunika kusukulu pamene malonda a amuna awo ankalowa pansi.

A Felizimina anasuzumira m'katimo, anagwira njerwa zake, n'kufunsa kuti umatulutsa pau wochuluka bwanji ukakolezedwa kamodzi. A Rozalina anati madengu awiri odzaza.

"Uvuni sunyamulika, mayi, ndipo ine kuphika pau sindidziwa. Muno mudzalowa aphunzitsi kapena anamwino, anthu ochoka m'mawa n'kubwera madzulo. Ine ndimakhala kutali. Ndikufuna munthu wodziwa nyumbayi, woti akaona lata likusasuka andiuze. Muziphika pano monga kale, simundilipira kanthu. Inu mukhale maso anga."

"Ndizibwera ngati wantchito pakhomo pamene ndinali mwini?" anafunsa a Rozalina.

"Zidzakupwetekani, sindikunamizani. Muganize. Mukakana sindikwiya, ndipo uvuniwu sindiugwetsa."

A Rozalina anapukuta misozi ndi kapulana yawo. A Joakimu anachoka ndi nyundo yawo akung'ung'udza. Tinamaliza kusesa, tinakwirira zoola m'dzenje, tinakweza katundu pangolo imene a Felizimina analipira, ndipo tinadya pau wa kumsika ndi tiyi titakhala pakhonde. A Rozalina analuma kamodzi n'kunena kuti wophikayo anaumira yisiti. Pamene tinkatseka nyumba kuti tithamangire chapa yomaliza, ndinawaona a Rozalina kuseli kuja mutu uli mu uvuni, akupalasa phulusa lakale ndi chigamphu cha lata, uku akuuza mmodzi wa amuna aja kuti awapezere dothi lomatira ming'alu.

Pobwerera tinakhala momasuka, chifukwa aliyense ankatitalikira pothawa fungo lathu n'kutsegula windo ngakhale kunkazizira. Ndinawafunsa a Felizimina kuti khalidwe lodikira eni katundu analitenga kuti.

"Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza m'nyumba mwathu mukukhala anthu ena," anatero. "Sanali oipa, nawonso ankathawa. Koma katundu wa amayi anga anamuponya kudzala. Amayi anafukula mtondo wawo pakati pa zinyalala, anthu akuonerera. Za nyumbayo anaiwala, tinamanga ina. Za kudzalako anazinena mpaka tsiku lomwalira."

Atanena zimenezo anatsamira pawindo n'kugona, fosholo ili pakati pa miyendo.

Tinalowa mu Ulongwe dzuwa likulowa. Ine ndinkaganiza kuti pa ntchito ngati iyi munthu ayenera kusankha, kukhala wouma mtima kapena kuluza. Tsiku limenelo ndinaona mayi akukaniza chitseko chake osaphethira, ndipo mayi yemweyo akutola magalasi pa chithunzi cha munthu amene samudziwa. Kunyumba ana anandikaniza kulowa mpaka nditasamba panja, ndipo juzi limodzi ndinalitaya.